Funsani Akatswiri: Kufufuta stack ya AWS kuchokera mu R

Makalata ambiri a mwezi uno achokera ku Zomba, ndipo n'zosadabwitsa. Mumzinda womwe muli likulu la National Statistical Office komanso University of Malawi, anthu osanthula manambala pogwiritsa ntchito pulogalamu ya R ndi ochuluka, ndipo ena mwa iwo ayamba kubwereka makompyuta amphamvu kwa Amazon Web Services, AWS mwachidule, laputopu ikamalemedwa ndi ntchito.

Kwa amene nkhaniyi ndi yachilendo: AWS ili ndi chida chotchedwa CloudFormation, chomwe chinayamba kugwira ntchito mu 2011. Munthu amalemba mufayilo imodzi, yotchedwa template, zonse zomwe akufuna kubwereka, kaya seva, nkhokwe ya mafayilo, database kapena netiweki, ndipo CloudFormation imazipanga n'kuzimanga pamodzi ngati mtolo wa nkhuni womangidwa ndi luzi limodzi. Mtolowo ndiye stack. Zambiri za mumtolomo zimawerengeredwa ndalama ola lililonse, m'madola, mpaka mutazifufuta.

Zikomo akuluakulu. Ndikuchita digiri yachiwiri ndipo ndimayendetsa ma model a zokolola za chimanga pa seva ya AWS. Ndikufuna kuti script yanga ya R ikamaliza ntchito izifufuta yokha stack yonse. Ndiyambire pati? — Wophunzira, Chikanda

Chomwe mukufuna ndi package yotchedwa paws, yomwe imapezeka pa CRAN, nkhokwe ya ma package a R. Musaike paws yonse ngati bandulo ndi yochepa, chifukwa imakoka timagulu take tonse. CloudFormation ili m'kagulu ka paws.management, ndipo `install.packages("paws.management")` ndi yokwanira pa ntchito ya CloudFormation.

Makiyi a akaunti musawalembe mu script. Aikeni mufayilo ya `.Renviron`, pansi pa mayina `AWS_ACCESS_KEY_ID` ndi `AWS_SECRET_ACCESS_KEY`, kenako mutseke R n'kuitsegulanso kuti iwawerenge. Script imayenda, achimwene: mawa mudzaitumiza kwa supervisor, mkuja mudzaiika pa GitHub, ndipo makiyi adzapita nayo.

Kufufutako n'kwachidule:

```r
library(paws.management)
cf <- cloudformation(config = list(region = "af-south-1"))

zake <- cf$describe_stacks(StackName = "chimanga-model")
id <- zake$Stacks[[1]]$StackId
cf$delete_stack(StackName = id)
```

Apa ndi pomwe anthu ambiri amagwa m'mbuna. Mzere wotsirizawo ukabwerera wopanda cholakwa, sizitanthauza kuti stack yafufutika. Zangotanthauza kuti AWS yalandira pempho lanu. Zili ngati kusiya kalata ku ofesi n'kuuzidwa kuti yalandiridwa. Yankho lake limabwera pambuyo, ndipo litha kukhala lokana. CloudFormation imayamba kuchotsa zinthu motsatira momwe zimadalirana, kuyambira zomwe zimadalira zinzake, ndipo ntchitoyo itha kutenga mphindi ziwiri kapena kupitirira theka la ola ngati muli database. Nthawi yonseyo stack imakhala pa `DELETE_IN_PROGRESS`. Choncho script yanu iyenera kudikira n'kumafunsa:

```r
for (i in 1:120) {
  Sys.sleep(30)
  pomwe <- cf$describe_stacks(StackName = id)$Stacks[[1]]$StackStatus
  message(Sys.time(), "  ", pomwe)
  if (pomwe != "DELETE_IN_PROGRESS") break
}
if (pomwe != "DELETE_COMPLETE") stop("Stack sinafufutike: ", pomwe)
```

Kufunsa pamasekondi 30 alionse, maulendo 120, ndi ola limodzi, ndipo ndi muyeso womwewo umene AWS CLI, chida cha AWS cholembera malamulo, chimagwiritsa ntchito podikira stack. Kufunsa sekondi iliyonse sikufulumizitsa kanthu.

Mwina mwadabwa chifukwa chake tayamba ndi kutenga `StackId` m'malo mongogwiritsa ntchito dzina. Stack ikangofufutika, dzina lake limamasuka, ndipo mukafunsa `describe_stacks` ndi dzinalo mumalandira cholakwa chonena kuti stack yotero kulibe. Script yanu idzafa pa nthawi yeniyeni imene zinthu zayenda bwino. `StackId` ndi nambala yaitali yoyamba ndi `arn:aws:cloudformation`, ndipo imayankhabe kwa masiku 90 stack itafufutidwa. Pali phindu linanso: ngati mnzanu apanga stack yatsopano ya dzina lomwelo, ID yakale siingakhudze yatsopanoyo.

Ndinayendetsa delete_stack, palibe error yomwe inatuluka. Patatha masiku anayi ndatsegula console, tsamba la AWS la pa intaneti, ndapeza stack ili phee, seva ikuyakabe. Kodi R yandinamiza? — Mayi wa ku Matawale

Sinakunamizeni, mayi, koma sinakuuzeninso zonse. Lamulo la `delete_stack` silidandaula mukalipatsa dzina la stack yomwe kulibe. Limangobwerera mwakachetechete ngati kuti zatheka. Ndiye mukalakwitsa chilembo chimodzi m'dzina, kapena, monga zimachitikira kawirikawiri, mukatumiza pempho ku region (dera lomwe kuli makompyuta a AWS) yolakwika, simumva kanthu.

Stack iliyonse imakhala mu region imodzi. Ya ku Cape Town, `af-south-1`, yomwe inatsegulidwa mu April 2020, ndiyo yoyandikana nafe. Koma maphunziro ambiri a pa intaneti amagwiritsa ntchito `us-east-1` ya ku Virginia kapena `eu-west-1` ya ku Ireland, ndipo munthu amakopera mzere wa region osauyang'ana. Stack ili ku Cape Town, pempho lapita ku Ireland, ndipo ku Ireland ayankha kuti chabwino popeza kulibe choti afufute.

Mankhwala ake ndi omwe tapereka pamwambapa: yambani ndi `describe_stacks`. Ilo limakuwa ngati stack siipezeka, ndipo script imaima musananamizike. Tsimikizaninso kuti muli mu akaunti yoyenera, makamaka ngati pakompyuta panu pali makiyi a kuntchito ndi anuanu. Mzere uwu umakuuzani nambala ya akaunti ndi dzina la amene akulamula: `paws.security.identity::sts()$get_caller_identity()`.

Stack yathu yaima pa DELETE_FAILED. Tayesa kufufuta katatu, zomwezo. M'katimo muli bucket ya S3, nkhokwe ya mafayilo momwe timasunga mayankho a kafukufuku wa m'makomo wa ku Jali ndi ku Thondwe. Tichite chiyani? — Gulu la ochita kafukufuku, Chinamwali

Lekani kubwereza kaye. Chomwe chinalepheretsa ulendo woyamba chidzalepheretsanso wakhumi. CloudFormation imalemba chifukwa cha kulephera kulikonse, ndipo muyenera kuchiwerenga:

```r
zochitika <- cf$describe_stack_events(StackName = id)$StackEvents
for (z in zochitika) {
  if (identical(z$ResourceStatus, "DELETE_FAILED"))
    message(z$LogicalResourceId, ": ", z$ResourceStatusReason)
}
```

Mndandandawu umayamba ndi zomwe zachitika posachedwa. Mzere wa stack yeniyeniyo umangotchula zinthu zomwe zakana. Chifukwa chenicheni chili pa mzere wa chinthu chilichonse pachokha.

Malinga ndi zomwe mwafotokoza, tikukhulupirira kuti wolakwa ndi bucket. CloudFormation siifufuta bucket yomwe muli kanthu, ngakhale kafayilo kamodzi. Lamuloli ndi labwino, ndipo kwa inu lakupulumutsani. Musanakhudze chilichonse, kopererani mayankho onsewo kwina, muwerenge ngati chiwerengero cha mafayilo chikufanana, ndipo mutsegule angapo kuti muone ngati ali bwino. Chomwe chafufutidwiratu mu S3 sichibwerera, ndipo palibe amene angabwererenso m'midzi ya ku Jali kukafunsa mafunso omwewo kwaulere.

Mukatsimikiza, tsanulani bucketyo. Pali msampha apa. Ngati bucket inayatsidwa versioning, yomwe imasunga makope akale a fayilo iliyonse, kufufuta fayilo sikuichotsa. S3 imangoika chizindikiro chotchedwa delete marker pamwamba pake, ndipo makope akale onse amakhalabe pansi. Pa console bucket imaoneka yopanda kanthu, koma CloudFormation imaona kuti ndi yodzaza. Muyenera kuchotsa makope ndi zizindikiro zomwe:

```r
s3 <- paws.storage::s3(config = list(region = "af-south-1"))
b <- "dzina-la-bucket-yanu"
repeat {
  v <- s3$list_object_versions(Bucket = b)
  zonse <- c(v$Versions, v$DeleteMarkers)
  if (length(zonse) == 0) break
  gulu <- lapply(zonse, function(x) list(Key = x$Key, VersionId = x$VersionId))
  yankho <- s3$delete_objects(Bucket = b, Delete = list(Objects = gulu))
  if (length(yankho$Errors) > 0) stop(yankho$Errors[[1]]$Message)
}
```

Tazungulira ndi `repeat` chifukwa S3 imapereka ndi kufufuta zinthu zosaposa 1,000 pa ulendo umodzi. Mzere wa `Errors` musaudumphe. Popanda iwo, fayilo imodzi yomwe mulibe chilolezo choifufuta ichititsa kuti script izingozungulira usiku wonse. Ndipo ngati pali chinthu chomwe chikulembabe mu bucketyo, monga ma log kapena matabuleti a ofunsa mafunso omwe akutumizabe mayankho, chiimitseni kaye, apo ayi bucket idzadzazanso musanamalize.

Ngati bucket mukufuna ikhale koma zina zonse zipite, pali njira yake. Stack ikakhala pa `DELETE_FAILED`, ndipo pokhapokha ikakhala pamenepo, mutha kulemba `cf$delete_stack(StackName = id, RetainResources = list("BucketYaData"))`. Dzina lomwe mukuikamo ndi la mu template, lomwe limatchedwa logical ID, osati dzina lenileni la bucket. Kuyambira mu 2024 palinso `DeletionMode = "FORCE_DELETE_STACK"`, ngati paws yanu ndi yatsopano. Ife sitiikonda kwa anthu oyamba kumene. Mawu oti force amapusitsa: siikakamiza zinthu zokanazo kuti zifufutike, imangochotsa stack n'kuzisiya zili zamasiye, zikudyabe ndalama popanda mtolo wozikumbukira.

Ngati si bucket, yang'anani izi. Security group (malamulo a amene angalumikizane ndi seva) kapena subnet (chigawo cha netiweki) imakana kuchoka ngati wina analumikizako seva ina pamanja, kunja kwa stack. Uthenga wake umanena za dependent object, ndipo muyenera kupeza sevayo n'kuichotsa kapena kuisamutsa. Stack yomwe inapangidwa ndi IAM role yakeyake (zilolezo zomwe CloudFormation imagwirira ntchito) imagwiritsa ntchito role yomweyo pofufuta, ndiye ngati wina anafufuta role poyeretsa akaunti, stack imakakamira. Perekani role ina kudzera mu `RoleARN`, ndipo inuyo mukhale ndi chilolezo cha `iam:PassRole`. Pomaliza pali custom resource, kachidutswa komwe kamadalira Lambda, pulogalamu yaing'ono yoyenda pa AWS, kuti iyankhe. Lambda ikapanda kuyankha, CloudFormation imadikira pafupifupi ola lathunthu isanagonje, ndipo mukaona stack yaima nthawi yaitali pa chinthu chimodzi chotero, dziwani kuti ikudikira yankho lomwe silibwera.

Console ikuonetsa DELETE_COMPLETE koma khadi langa likudulidwabe madola angapo mwezi uliwonse. Ndi mmene forex ikuvutira, zikundipweteka mtima. — Bambo wa ku Mpondabwino

Tikumvetsa, bambo. Chichokereni November 2023, pomwe kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, dola iliyonse yotayika imamveka m'thumba. `DELETE_COMPLETE` imanena kuti CloudFormation yamaliza zomwe inauzidwa. Siinena kuti akaunti yanu yayera.

Tsegulani template yanu mufufuze mawu oti `DeletionPolicy`. Chinthu chomwe chinalembedwa `Retain` chimasiyidwa dala, ndipo mu zochitika za stack chimaoneka ngati `DELETE_SKIPPED`. Chomwe chinalembedwa `Snapshot` chimafufutidwa koma kope lake limasungidwa, ndipo kopelo limalipiridwa pa gigabyte iliyonse mwezi uliwonse. Database ya RDS ndi yapadera: ngakhale musalembe kanthu, nthawi zambiri CloudFormation imaijambula snapshot isanaifufute. Anthu ambiri sadziwa kuti makope amenewa alipo. Kwa ochita kafukufuku nkhani si ya ndalama yokha. Ngati munalonjeza anthu omwe munawafunsa kuti mayina ndi manambala awo adzafufutidwa ntchito ikatha, snapshot yoiwalika ndi lonjezo losasungidwa.

Kenako ganizirani zomwe munapanga pamanja. Stack imadziwa zokhazo zomwe inapanga yokha. Disiki ya EBS yomwe munaonjezera tsiku lina malo atachepa siili mumtolo. Adiresi ya Elastic IP yomwe munatenga pa console siilimo, ndipo kuyambira pa 1 February 2024 AWS imalipiritsa $0.005 pa ola pa adiresi iliyonse ya IPv4 ya pagulu, kaya ikugwira ntchito kapena ayi. Pa mwezi ndi pafupifupi $3.65. NAT gateway, chipata chomwe ma seva amatulukira pa intaneti, ndiyo imaluma kwambiri: ku Virginia ndi $0.045 pa ola, kupitirira $32 pa mwezi, musanawerengere data yodutsamo. Ma log omwe Lambda imadzipangira yokha mu CloudWatch nawonso amatsala.

Chizolowezi chomwe timalimbikitsa n'chakuti musanafufute, sungani mndandanda wa zonse za mu stack ndi `list_stack_resources`, ndipo mukafufuta muufunsenso ndi ID yomweyo kuti muone chomwe chadumphidwa. Pa tsamba la Billing, gawani ndalama potengera service ndi region. Pomwepo mudzaona komwe madola akuthawira, nthawi zina ku region yomwe munangoyesa tsiku limodzi. Manambala a pa tsambali amachedwa, mwina mpaka tsiku lathunthu, choncho musaweruze ola lomwelo. Ikaninso AWS Budgets kuti izikutumizirani imelo ndalama zikadutsa malire omwe mwasankha.

Ndimaphunzitsa kalasi ya anthu 40 ndipo aliyense anapanga stack yake mu akaunti imodzi. Semesita yatha. Kodi ndingazifufute zonse kamodzi ndi loop? — Mphunzitsi, Sadzi

Mungathe, aphunzitsi, koma loop yofufuta ndi chikwanje chakuthwa konsekonse, ndipo tikupemphani kuti muigawe pawiri. Gawo loyamba lingosonkhanitsa mayina n'kuwasindikiza. Gawo lachiwiri, lofufuta, muliyendetse mutawerenga mndandandawo ndi maso anu.

```r
onse <- list(); tokeni <- NULL
repeat {
  t <- cf$list_stacks(NextToken = tokeni,
         StackStatusFilter = list("CREATE_COMPLETE", "UPDATE_COMPLETE",
                                  "ROLLBACK_COMPLETE"))
  onse <- c(onse, t$StackSummaries)
  if (length(t$NextToken) == 0) break
  tokeni <- t$NextToken
}
akalasi <- Filter(function(s) grepl("^kalasi-", s$StackName) &&
                              length(s$ParentId) == 0, onse)
print(sapply(akalasi, function(s) s$StackName))
```

Zinthu zinayi muzione m'mizere imeneyi. `NextToken` ilipo chifukwa AWS imapereka mayankho patsamba ndi patsamba, ndipo mukatenga tsamba loyamba lokha ena atsala. `StackStatusFilter` ikufunika chifukwa popanda iyo mudzalandiranso ma stack onse omwe anafufutidwa m'masiku 90 apitawa. Taikamo `ROLLBACK_COMPLETE` dala, popeza ophunzira amasiya ma stack ambiri omwe analephera kupangika. Kachizindikiro ka `^` kakutanthauza kuti dzina liyambe ndi mawuwo. Mukakaiwala, stack ya dipatimenti yotchedwa `database-ya-kalasi-2` igwera m'gulu lomwelo. Ndipo `ParentId` ikuchotsa ma nested stack, omwe ndi ana a stack ina. Mwana samafufutidwa payekha. Fufutani kholo, ana apita nalo. Mukayamba ndi mwana, kholo limasokonezeka.

Mukawerenga mayina ndipo akwana 40, osati 43, pitirirani. Ikani `delete_stack` mkati mwa `tryCatch` kuti stack imodzi yokana isaimitse zinzake, ndipo pumirani masekondi awiri kapena atatu pakati pa mapempho. Mukawatumiza motsatizana kwambiri AWS imayankha kuti `Rate exceeded`. Tumizani mapempho onse kaye, kenako muzungulire kachiwiri kufunsa momwe iliyonse yathera.

Mudzakumana ndi zokana za mitundu iwiri. Stack yomwe ili ndi termination protection imakana pomwepo ndi cholakwa chomveka bwino. Chitetezocho chimachotsedwa ndi `update_termination_protection(StackName = id, EnableTerminationProtection = FALSE)`, koma mzerewu musauike mu loop. Amene anayatsa chitetezo anali ndi chifukwa, ndipo ndi bwino kumufunsa. Mtundu wachiwiri ndi stack yomwe imagawira zinzake zinthu kudzera mu export, monga netiweki yomwe kalasi yonse imagwiritsa ntchito. Imeneyo siichoka pamene wina akuidalirabe. `list_imports(ExportName = ...)` imakuuzani omwe akuidalira, yambani ndi iwowo, ya netiweki ikhale yotsiriza.

Semesita yamawa, pangani IAM user wapadera wa ntchito yoyeretsayi, yemwe chilolezo chake cha `cloudformation:DeleteStack` chikugwira pa ma stack oyamba ndi `kalasi-` okha. Mukatero, ngakhale script italakwitsa, AWS yokha idzakana. Ma stack ofunika a dipatimenti ayatsidwe termination protection lero lomwe. Stack policy musaidalire pa izi: imateteza zinthu pa nthawi ya update yokha, siiletsa kufufuta.

Nanga magetsi akathima kapena netiweki ikaduka kufufuta kuli m'kati? — Wowerenga, Namadidi

Ngati pempho linafika, ntchito ipitirira, chifukwa ikuchitikira ku makompyuta a AWS osati pa laputopu yanu. Chomwe mumataya ndi ID yomwe inali mu R, ndi mwayi womva ngati zalephera. Ndiye musanafufute lembani `saveRDS(id, "stack_id.rds")`, ndipo magetsi akayaka werengani ID ija n'kufunsa `describe_stacks`.

Vuto lalikulu ndi pamene magetsi athima script isanafike pa mzere wofufuta. Ena amaika `delete_stack` mu `on.exit()` kuti iyende ngakhale model italephera pakati, ndipo ndi nzeru yabwino, koma `on.exit()` imagwira ntchito pokhapokha R ikadali moyo. Batire ikatha, palibe chomwe chimayenda, ndipo seva imayaka mpaka wina ataikumbukira. Ngati ntchito yanu imatenga maola ambiri, musadalire laputopu: uzani seva yomweyo kuti idzizimitse ikamaliza kapena pakatha nthawi yoikika. Pa Linux, `sudo shutdown -h +480` imaizimitsa pakatha maola 8. Seva ya EC2 yozimitsidwa siiwerengeredwa ndalama za maola, ngakhale disiki yake ndi adiresi ya Elastic IP zimalipiridwabe kufikira mutabwera kudzafufuta stack.